Mazira Ali Pansi pa Mpesa

Caucete,
Lamulungu, 9 Ogasiti

Wokondedwa mwana wanga Ovidio,

Landira moni wochokera kwanu kuno. Wadzuka bwanji kumeneko ku Río Grande, kumathero a dziko kumene unasankha kukazizidwa? Mpongozi wanga Griselda ali bwanji? Nanga kamdzukulu kanga Tobías, mano aja atuluka kapena kakungolumabe anthu ndi nkhama? Chifuwa chako chija ndikhulupirira chinapola. Mpango ndinakulukira uja uzivala popita kufakitale, sindinalukire msomali wa kuseri kwa chitseko.

Ife kuno tadzuka. Ndati tadzuka, sindinati tili bwino.

Usadabwe kuti ndalemba kalata m'malo moimba foni. Foni yathu ukuidziwa pamene ili, pakhoma la kukhitchini, ndipo bambo ako, amene samva ndikawatuma kukagula buledi, foni ikangolira makutu amatseguka onse awiri. Kalatayi ndapatsira don Anselmo wa lole ya vinyo. Akuti akapanda kutsekeredwa ndi chipale chofewa panjira, Lachinayi akhala atafika kumeneko. Uwerenge uli wekha, ndipo ukhale pansi.

Nkhani ndi ya mlongo wako Zulema.

Kuyunivesite kwamutsalira maphunziro asanu ndi awiri kuti atchedwe injiniya. Anzake amatenga atatu pa teremu, olimba mutu amatenga anayi. Asanu amatenga ndi ana a m'tauni amene amadzuka n'kupeza kalasi ili pakhomo, osati munthu wokwera basi ola lathunthu popita, ola lathunthu pobwera. Mlongo wako walembetsa onse asanu ndi awiri, teremu imodzi. Akuti pofika Disembala akhala atamaliza.

Ndamva kwa mnzake wa m'kalasi kuti mphunzitsi wina, mayi wachikulire, anamuitanira pambali n'kumufunsa ngati ali ndi mitu iwiri, chifukwa maphunziro ena awiri amachitika ola limodzi m'zipinda zosiyana. Iye akuti anayankha kuti azikhala theka uku, theka uko. Mayiyo anamuuza kuti mpata wofufuta ena ulipo mpaka Lachisanu lomaliza la mwezi uno, pa 28. Likadutsa tsikulo mndandanda umakhomedwa pakhoma, ndipo Zulema ukumudziwa. Dzina lake likakhomedwa penapake salichotsa, ngakhale nyumba ikuyaka.

Ndiyambire poyambira, kuti umvetse mmene tafikira apa.

Pa Isitala tikudya, bambo ako anamufunsa kuti kwatsala angati. Iye anati akatha teremu imene anali nayoyo, kutsala asanu ndi awiri. Bambo ako anamenya tebulo, akuti basi, Disembala tili ndi injiniya m'nyumba muno. Zulema anaseka n'kuwauza kuti ayi ababa, asanu ndi awiri ndi chaka chathunthu, mwinanso ndi theka. Koma mawu amenewo analowa khutu lija losamva.

M'mawa mwake ndinawapeza akukumba patsinde pa mpesa wa pabwalo. Anali atatenga mazira makumi awiri ndi anayi, ataika m'chitini cha penti pamodzi ndi viniga ndi makoko a anyezi, akukwirira kuti awole bwino. Ati mazira odzamugenda nawo tsiku limene adzatuluke m'mayeso omaliza, monga tinachitira ndi mwana wa a Quiroga uja, amene tinamuthira mazira ndi ufa mpaka mayi ake omubereka anakana kumukweza m'galimoto.

Ndinati bambo a Ovidio, misala mwayamba liti? Ndani amakwirira mazira munthu asanalembetse n'komwe? Ngakhale tsiku la mayeso omaliza silitchulidwa, wophunzira amalibisa ngati mimba yoyamba, achibale amachita kunong'onezana. Kukonzeratu n'kuitana tsoka, ngakhale mwana wa mkaka m'dziko muno akudziwa. Iwo anangoti tsoka limaopa mainjiniya, uku akupondaponda dothi.

Sanalekere pomwepo. Anagula kambuzi kodzawotcha tsikulo, n'kukatcha dzina loti Dipuloma. Anauza anzawo onse kumunda wa mphesa, anauza wometa tsitsi, anauza ngakhale wansembe. Chiyambire pamenepo mlongo wako akamapita kukakwera basi, anthu amamukuwira kuti Injiniya, Disembala tikubwera ndi ufa.

Teremu yathayo anatenga asanu, ndipo anakhoza onse. Koma mmene anatulukira, Ovidio, ngati munthu wochoka m'chipatala. Siketi ndinachita kumugwirira ndi mapini awiri. Tsitsi linkatsalira pachipeso.

Mu Julaye, pa tchuthi, anagona masiku atatu, kenako anayamba kudya ngati munthu. Tsiku lina masana anandipeza kukhitchini, anakhala pansi, anatenga semita yachiwiri, kabuledi kathu kakuno kaja, m'mbale ya buledi, n'kunena modekha kuti amayi, ndaganiza, nditenga anayi okha, atatu otsalawo chaka chamawa. Akuti kuthamanga sikufika, ababa adikire, mbuziyo ingonenepa. Anaganiza bwino mwana. Palibe tsiku limene anaganizapo bwino kuposa limenelo.

Apa ndiye pamene dzanja langa likulemera. Pali zinthu ziwiri zimene ndakubisira.

Mu Juni ndinaperekeza bambo ako kwa dokotala wa mtima, chifukwa cha phuma lija ndi kutupa kwa miyendo. Atatha kuwayeza, dokotala anawatuma kukatenga mankhwala, ine n'kunditsalitsa, chitseko n'kutseka. Anati mtima wakula kwambiri, ndi matenda aja a nsikidzi za vinchuca zimene zinkawaluma ali mwana m'nyumba ya dothi. Ndinafunsa kuti mpaka liti. Anati mwina chaka, mwina miyezi, mwinanso akhoza kungogwa pakati pa mizere ya mphesa mawa lomwe. Sindinawauze. Iwenso sindinakuuze, ndinkati uli ndi khanda, uli kutali, ungosauka mtima pachabe. Lero ukumvera m'kalata yobwera pa lole ya vinyo. Undikhululukire.

Chachiwiri n'choipa kuposa pamenepo.

Masabata asanu ndinasenza nkhaniyo ndekha, osauza ngakhale khoma. Tsiku limenelo, Zulema akunena za anayi okha, ndinasuzumira pawindo n'kuona bambo ako atagwira mpanda, akupumira m'mwamba, akucheza ndi kambuzi kaja. China chake chinandikwera m'mutu. Pakamwa pangapa ukupadziwa, sipadikira nzeru. Ndinati tenga anayiwo mayi, usadzivute. Pepala lakolo udzakawaonetsera bambo ako kumanda, udzalikhomere pamtanda kuti aliwerenge bwinobwino.

Anasiya kutafuna. Sanalire. Anangofunsa kuti dokotala wanena chiyani, ine n'kukhuthula zonse. Anaimirira, anatsuka kapu yake, anaipukuta, anaikoleka pamalo pake. Semita ija anaisiya ataluma kamodzi. Lolemba lake anapita kukalembetsa asanu ndi awiri.

Ndapepesa, Ovidio. Ndapepesa nditaimirira, ndapepesa nditagwada. Koma pepani sapoletsa chilonda. Ndinayesa kumunamiza kuti ndinakokomeza, madokotala amakonda kuopseza anthu. Anandiyang'ana n'kunena kuti amayi, inu kukalipa mumatha, koma kunama simutha.

Tsopano ndikuuze chimene chikundisowetsa mtendere. Si kulephera mayeso ayi. Alephere onse asanu ndi awiri, ine ndimuphikira nkhuku n'kumuimbira nyimbo. Chimene ndikuopa ndi zija za malume ako a Fermín.

Iwe unawaona ali kale munthu wongokhala pansi pa mtengo wa azitona, manja ali pamaondo. Kwa ine anali Fermín chabe, mlongo wanga wonditsatira, ndipo ndinamuona tsiku limene ankapita ku Córdoba kukaphunzira zamalamulo, tsitsi lonyezimira mafuta, msewu wathu wonse ukumuperekeza kusiteshoni. Nayenso chaka chomaliza anasenza maphunziro onse nthawi imodzi, chifukwa agogo ako anali atalengeza kale kuti Khirisimasi adya ndi loya.

Anthu amaganiza kuti mutu ukamasokonekera munthu amakuwa, amavula zovala. Ayi ndithu. Fermín anayamba ndi ulemu. Ankamwetulira, ankathokoza chilichonse. Ukamufunsa ankati ndili bwino, ndatsala pang'ono. Ankakhala m'mawa wonse buku lili chitsegulire pa tsamba limodzi. Kenako anayamba kuyenda m'mbali mwa ngalande yaikulu yothirira minda, akuti phokoso la madzi limamuthandiza kuloweza. Mapeto ake ukuwadziwa. Unali ndi zaka zisanu ndi chimodzi pamene anamuvuula pa geti la ngalandeyo, ndipo unandifunsa kuti bwanji malume asambira ndi nsapato.

Makalasi a Zulema ayamba Lolemba lapitali, koma iye anayamba tsiku lomwe analembetsa. Anabwereka makope a anzake a chaka chatha n'kuyamba kuwerengeratu. Pakhoma la kuchipinda kwake wamata pepala la maola, mabokosi okhaokha amitundumitundu. Ndinaliwerenga lonse kufunafuna bokosi la kudya, sindinalipeze.

Lachiwiri don Rufino, dalaivala wa basi ya m'mawa, anandiimitsa kumsika. Anayamba ndi kuzungulirazungulira, za mtengo wa tomato, za nyamakazi yake, mpaka ndinati don Rufino, lavulani. Anati doña Nélida, musanditenge ngati wamiseche, koma Injiniya wanu lero sanatsike. Akuti anafika naye m'tauni, anthu onse anatsika, iye ali phee, buku pamiyendo. Anabwerera naye ku Caucete, anapitanso naye m'tauni. Pamenepo ndiye anamugwira paphewa, ndipo mlongo wako anamwetulira, anathokoza mwaulemu kwambiri, n'kutsika.

Lachitatu aphunzitsi ananyanyala ntchito, ndiye anakhala pakhomo, patebulo la pabwalo. Pomupatsira tiyi m'mawa ndinaona kuti ali pa tsamba 212. Ndinachapa, ndinayanika, ndinaphika. Pobwera kudzamuitanira chakudya cha masana, tsamba 212. Ndinati Zule, zikuyenda? Anadzutsa mutu, anamwetulira, anati ndili bwino amayi, ndatsala pang'ono.

Mawu amenewo sanawamvere kwa ine. Sindinawatchulepo m'nyumba muno chimwalirireni Fermín.

Lachinayi kunaomba mphepo ya Zonda. Kuyambira m'mawa mapiri anabisika ndi fumbi, mphepo yotentha ngati ya mu uvuni pakati pa mwezi wa chisanu, agalu atabisala, aliyense mutu ukumuwawa. Ndi kutenthako chitini chija chiyenera kuti chinaphulika pansi, chifukwa fungo linatuluka m'dothi n'kudzaza bwalo lonse, mpaka kulowa m'makatani. Silinali fungo la mazira chabe, linali ngati pakhomo pafera chinthu.

Ndinatenga fosholo. Ndinati lero zimenezi zichoka pakhomo panga. Ndangobaya kawiri, ndinamva mpando ukukokedwa kumbuyo kwanga. Anali bambo ako, kumunda anawabweza chifukwa cha mphepoyo. Anakhala pansi n'kufunsa kuti Nélida, ukufuna chiyani pa mazira a mwana?

Ndinawatembenukira fosholo ili m'manja. Ndinati inu, zaka makumi atatu ndi zisanu mukudulira mphesa za anthu. Antchito atsopano mumawakalipira akasiya maso ambiri ophukira panthambi, mumati mpesa wolemedwa umabala chaka chimodzi n'kuuma. Tandiuzani, kanthambi kamodzi mumakasiyira maso angati? Anati awiri. Ndinati ndiye mwana wanu mwamusiyira asanu ndi awiri. Mwasiya ndinu, wamangirira nthambiyo ku waya ndine.

Anapukuta fumbi m'maso. Kenako anati Nélida, ukuganiza kuti sindidziwa chifukwa chake nsapato zanga zasiya kundikwana? Bambo anga anapita choncho, achimwene anga anapita choncho. Akuti anadziwa kale pa Isitala, dokotala asanawagwire n'komwe. Akuti za Disembala zija zinali zolankhula za munthu wamantha, wofuna kudzilimbitsa mtima. Mazirawo anakwirira kuti tsikulo likadzafika iwo kulibe, padzapezeke kanthu kamene dzanja lawo linagwira, wina adzamugende nako m'malo mwawo.

Taona zimene tinachita anthu akuluakulu awiri. Ine ndimawabisira chinthu chimene iwo amandibisira ine, ndipo katundu yense tinamutula pamutu pa mwana.

Anandilanda fosholo n'kukumba okha. Anapumira katatu, ine ndikuwerenga mpweya wawo, koma anakana kuti ndiwathandize. Chitinicho anakachitaya kudzala.

Zulema atafika madzulo, dzuwa lisanalowe, bambo ako anamukhazika pansi kukhitchini. Chibadwire chako sunawaonepo bambo ako akupempha mwana, inenso ndinali ndisanaone. Anati mwana wanga, tenga anayi, ukafuna atatu. Anati pepala si mankhwala a mtima, ine injiniya ndamuona kale, amadya patebulo langa tsiku lililonse. Anati Dipuloma timudya mwezi uno, nkhani ithe, amene akufuna kutithira ufa atithire ife makolo. Anamugwira dzanja ndi manja awo onse awiri.

Ndinkapemphera kuti alire, kapena atikalipire, aswe mbale, chilichonse. Zulema anamvetsera mpaka kumapeto, akugwedeza mutu, akumwetulira. Anawasisita dzanja n'kunena kuti zikomo kwambiri ababa, musadandaule, ndatsala pang'ono. Kenako anasuzumira pawindo n'kufunsa, mwaulemu ndithu, kuti wafukula mazira anga ndani?

Lachisanu anabwera ndi mazira makumi awiri ndi anayi a kugolosale, ndi chitini chatsopano. Anagwada pa dzenje lomwe lija ndi zovala za kusukulu, anaika mazirawo limodzilimodzi, anakwirira ndi manja, n'kupondaponda dothi monga anachitira bambo ake. Ife awiri tinangoima pakhomo ngati alendo.

Ndiye ndagwira njakata, mwana wanga. Ine sandimveranso, ndipo sindimuimba mlandu. Bambo ake wawamvetsera monga munthu amamvetsera nyimbo ya pa wailesi. Watsala ndiwe. Ndiwe unamuphunzitsa kupalasa njinga, ndiwe wekha ungamutche chitsiru iye n'kuseka. Iwe sukulu unaisiyira panjira ndipo sunafe, uli ndi nyumba, uli ndi mkazi ndi mwana, bambo ako amakutchula monyadira kulikonse. Zimenezo akufunika azione ndi maso, zitaima patsogolo pake.

Usaimbe foni. Pafoni akuuza kuti ali bwino, ndipo iwe ukhulupirira, chifukwa mawu ake masiku ano ndi okoma kuposa kale lonse. Bwera wekha. Udzamugwire dzanja, ukwere naye basi ya don Rufino, ukaime naye mu ofesimo mpaka atafufuta atatu. Akafufuta onse, ine ndidzavina pamsewu.

Ndikudziwa kuti ndi masiku atatu pa basi, ndikudziwanso kuti kufakitale sagawa tchuthi ngati maswiti. Uwauze kuti bambo ako akudwala mtima. Sukhala ukunama.

Undiperekere moni kwa Griselda, umuuze asandikwiyire pomulanda mwamuna pakati pa chisanu. Tobías umupsompsone pamphumi m'malo mwanga. Moni apitenso kwa apongozi ako ndi onse amene amakufunira zabwino kumeneko. Bambo ako sakudziwa kuti ndalemba, koma akanadziwa akanati uvale mpango. Mulungu akusunge, Amayi Maria akuyendetse bwino pamsewu wautaliwo.

Chimodzi ndachisiyira kumapeto, chifukwa cholembera chimakana. Ngalande yaikulu inali youma mwezi wonse wa Julaye, ankaiyeretsa. Madzi awatsegulira sabata ino. Lero pochokera ku Misa ya m'mawa ndapeza nsapato za Zulema pakhonde, zonyowa mpaka m'kati, zili ndi matope akuda ndi ndere. Kuno mvula sinagwe chiyambire Malichi.

Sindinamufunse, Ovidio. Yankho ndikulidziwa kale, ndipo sindingapirire kulimva kachiwiri m'moyo wanga. Nsapatozo ndazitsuka, ndazitsekera m'kabati mwanga.

Usadikire za pa 28.

Ndine mayi ako wokukonda,
Nélida